Khutu Loyandama pa Mphepo

Dayisoni Namaona, mlamu wanga, ndiye anandilanda. Ndayamba ndi dzina lake dala, kuti wowerenga kope ili asavutike kufunsa kuti wolakwa ndani. Ndipo inu amene mwayamba kale kupotoza milomo, mukuti wokonza njinga wa pa Songani amene analekezera Sitandade 4 angadziwe chiyani za makina a azungu, khalani pansi. Ngati ndikunama, bwerani pansi pa mtengo pomwe ndimagwirira ntchito mudzaone chala changa chamkombaphala chakumanja. Chilibe mizere. Chinasalala ngati botolo, ndipo chimene chinachisalaza ndi chomwe ndikufuna kukuuzani.

Ine ndine Yotamu. Kwathu ndi kuseri kwa Naisi, koma ndinakwatira kuchigwa kwa Domasi, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndinakakhala kwawo kwa mkazi. Mkazi wanga anali Elube, mlongo wake wa Dayisoniyo. Zaka khumi ndi zinayi ndinalima mpunga m'munda wa amayi ake, ndinamanga nyumba pamalo a amayi ake, ndinabzala mango amene lero akudya ena. Mwana tinali naye mmodzi, sanafike poyenda.

Chaka chimene tinalandira ufulu kunabwera mzungu wamtali ndi galimoto yodzaza makina, ankazungulira m'matchalitchi kujambula nyimbo. Amayi a mvano a kwathu anaimba, Elube ali momwemo, ndipo mzunguyo anasema nyimboyo pa chimbale chakuda chonga cha galamafoni ife tikuona ndi maso, tinyenyeswa tikugwa pansi ngati tsitsi kometera. Pochoka galimoto yake inakana kulira. Ndinailiza ndine, ndi sipoko ya njinga, ndipo iye pothokoza anandipatsa chimbalecho m'manja mwanga. M'manja mwanga, mukumva? Dayisoni tsiku limenelo kunalibe, anali kumowa.

Pa chimbalecho pali amayi makumi awiri, ndipo akayamba kuimba simungasiyanitse uyu ndi uyu. Koma kumayambiriro, cha m'mphepete, nyimbo isanayambe, pamamveka mayi mmodzi akufunsa anzake kuti, "Ndiyambe ine?" kenako kuseka pang'ono. Ameneyo ndi Elube. Mawu awiri ndi kaphwete kamodzi, basi.

Anamwalira ndi chifuwa chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma.

Ndinali ndi galamafoni yopukusa imene munthu wina anasiya kuti ndikonze osabweranso. Madzulo alionse ndikaweruka, dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri, ndinkatseka chitseko, kuipukusa, kuika singano m'mphepete mwa chimbale, iye n'kufunsa, ine n'kuyankha kuti, "Yamba, Elube." Kenako ndinkakweza singano n'kubwezanso poyamba. Nyimboyo sindinkaimvera. Koma patapita miyezi itatu ndinamva kuti mawu ake ayamba kusasa, ndipo nditayang'ana kunsonga kwa singano ndinapeza kafumbi kakuda. Ndinakaika pachikhatho n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kafumbi kameneko kanali iyeyo. Singano inkamudya, ine ndikupukusa ndi dzanja langa lomwe.

Ndinataya singano yachitsulo n'kuika munga wa mthethe, unadya. Munga wa nungu, unadya. Munga wa nsomba, unadya. Ndinagwira mphaka wa apongozi n'kumuzula ndevu imodzi, inadyabe, ngakhale mwaulemu. Pamenepo ndinadziwa lamulo limene aphunzitsi onse a m'chigwa muno ndi mataye awo sankalidziwa: chilichonse chokhudza chimadya. Ukafuna kumva chinthu osachitha, usachikhudze. Ndinatseka galamafoni, ndipo m'nyumba munakhala zii milungu isanu ndi umodzi.

Nzeru inabwera nthawi yokolola. Ndinali nditagadabuza njinga pabwalo ndikuwongola gudumu, uku amayi akupeta mpunga chapafupi. Ndinazunguza gudumulo mwamphamvu, ndipo khusu limodzi lochokera mu lichero linabwera n'kuima pamwamba pa tayala, osagwa, osauluka, osakhudza, likungonjenjemera pamenepo ngati laiwala kumene limapita. Gudumu litachepa liwiro, khusu linatera. Ndinazunguzanso, linakweranso. Ndinati eyaa! Chinthu chikamazungulira mothamanga chimavala mphepo ngati malaya, ndipo kanthu kopepuka kangathe kukhala pa malayawo osakhudza thupi. Sindinkafunanso singano yokanda. Ndinkafuna khutu loyandama, lomvetsera chabe.

Tsono mverani mmene ndinapangira, chifukwa zimene ndikunena pano azungu anazilemba m'mabuku pambuyo pake.

Ndinaona kuti chimbale chakudacho n'chofewa, sichingazungulire masiku onse, choncho panafunika zimbale zina zoti zimve kamodzi n'kusunga. Ndinadula zivundikiro za migolo zisanu ndi ziwiri, ndinazisula ndi hamala masiku makumi anayi, ndinazikwecha ndi mchenga wa mumtsinje wa Domasi, kenako ndi phulusa, kenako ndi chikhatho, mpaka zinasalala moti nditathira dontho la madzi pakati linasowa kolowera, linakhala pamenepo masiku atatu likuganiza, mpaka linauma ndi manyazi. Chokumbukira mawu ndi dzimbiri. Inu simudziwa, koma chitsulo chikachita dzimbiri ndiye kuti chikusunga mvula yonse imene inachinyowetsa. Ndinayenda midzi isanu ndi inayi kupempha makasu akutha, ndinapala dzimbiri lake, ndinalisinja mumtondo, ndinalisefa ndi duku la Elube, ndinalisakaniza ndi utomoni wa nkhadze, ndipo m'malo mopaka ndi burashi ngati wopenta sitolo ndinkazunguza chimbale n'kuthira pakati, kuti liwiro lokha limwaze utotowo mofanana mpaka m'mphepete. Zimbale zonsezo ndinazitunga pa mtengo umodzi wachitsulo, china pamwamba pa chinzake, mpata wolowa chala pakati, pansi ndinaika habu ya pakati pa gudumu la njinga, ndipo chimbale chakuda cha Elube ndinachikhazika pamwamba pa zonse.

Chozunguza chinali madzi. Ndinapatutsa ngalande ya kumunda wa mpunga, ndinaika gudumu la ngolo lomangirira zitini, ndinalumikiza matcheni a njinga asanu ndi anayi, iliyonse ikuthamangitsa inzake, moti gudumu la kumadzi likatembenuka kamodzi zimbale m'nyumba zinkazungulira kuchuluka kwa njere za mpunga mu dengu, ndipo zinkathamanga mpaka zinkaoneka ngati zaima. N'chifukwa chake tsiku loyamba ndinapusa, ndinaganiza kuti tcheni yaduka, ndinakhudzitsa chala pamwamba. Kamodzi kokha, tsee! Mizere yonse inapita. Ntchentche ina yopusa ngati ine inayesa kuterapo, inaponyedwa kudzera pazenera, ndipo munthu wina wokwera basi anandiuza kuti anaiona ku Liwonde itakhala pa mlatho ikugwira mutu. Mukumva?

Khutu lenilenilo ndinalipanga ndi phiko la tombolombo. Ndinamatapo kachidutswa ka maginito a mu dainamo ya njinga, kochepa moti ndinkakanyamula ndi nsidze, ndinakakulunga ndi waya amene ndinamukoka mpaka anaonda kuposa ulusi wa kangaude, ndipo kangaude wa kudenga kwanga atauona anasiya ntchito n'kusamuka. Makutu otere ndinapanga asanu ndi atatu, limodzi pa chimbale chilichonse, ndinawamangirira kumano a chinthu chonga chipeso, kuti chipesocho chikalowa kapena kutuluka makutu onse aziyendera limodzi pakati pa zimbale, n'kukapeza mawu amene ukufuna usanamalize n'kuwafuna komwe. Ndipo mpata wa pakati pa khutu ndi chimbale unali wochepa moti tsitsi likanagwerapo likanakhala ngati phiri la Zomba patsogolo pa nyerere, chidindo cha chala chikanakhala ngati mizere ya m'munda, ndipo munthu akayatsa fodya pa Songani, mtunda wonse uja, khutu langa linkapunthwa pa utsi wake. Mdani anali fumbi. Choncho ndinalowetsa zonse mu mgolo, ndinamata chivundikiro ndi phula la njuchi, ndinasiya kabowo kamodzi kopumira, ndipo pakabowopo ndinamangapo duku lija kuti lisefe mpweya. Kunja kunatuluka lipenga la galamafoni lokha.

Tsiku loliza linali Lachinayi masana, anthu onse ali kumunda. Ndinatsegula ngalande. Mgolo unayamba kung'ung'udza ngati njuchi, kenako phokosolo linakwera mpaka linapitirira pomwe khutu la munthu limafika, agalu okha ndiwo ankalimva, ndipo mphepo ya m'katimo inakoka chifunga cha pamwamba pa phiri n'kuchitsitsira padenga panga, mvula n'kugwa pa nyumba yanga yokha mwezi wa Ogasiti, ndipo nyumbayo inanyamuka ndi maziko ake omwe n'kuyandama kufika m'bondo, nkhuku zikudutsa pansi pake osawerama. Ine zonsezo sindinazisamale. Ndinagwada n'kuika khutu pa lipenga.

"Ndiyambe ine?"

Abale, kunalibe kusasa. Kunalibe kukanda. Anali iyeyo ngati waima kuseri kwa chitseko. Khutu langa linamva ndi zimene makina a mzungu uja sanamve: mpweya umene anakoka asanafunse, kukhwekhwereza kwa chilundu chake, kamwala kamene anaponda, ngakhale zimene ankaganiza, zoti nyemba wasiya pamoto zipserera. Dzimbiri linasunga zonsezo pa chimbale choyamba, malo n'kutsalabe, moti ndinayamba kusungiramo zina: nyimbo zonse za m'buku la kutchalitchi, mayina a anthu onse amene anamwalira m'chigwa muno kuyambira makolo atabwera kuchokera ku Mozambiki, kulira kwa mvula ya zaka ziwiri dontho ndi dontho, ndipo zonsezo sizinadzaze ngakhale m'mphepete mwa chimbale chachiwiri. Koma kunena zoona zinazo ndinkangosungira kuti makina asachite ulesi. Ine tsiku ndi tsiku ndinkafuna mawu awiri aja. Ndinkayankha, iye n'kuseka, ndipo palibe chimene chinkadyeka.

Kuno mkazi akamwalira mwamuna amasudzulidwa, ndiye kuti achibale a mkazi amam'masula kuti abwerere kwawo. Ine anandichedwetsa zaka ziwiri ndi theka, osati chifukwa chondikonda, koma ndinkalima ndipo njinga zawo ndinkakonza ulere. Tsiku limene mdzukulu wawo wamkazi anapeza mwamuna, nyumba yanga inafunika. Dayisoni, monga mwinimbumba, anaitanitsa anthu m'mawa pabwalo. Inali nthawi yokololanso, mpunga uli mbwee pamphasa, amayi akupuntha ndi kupeta pomwepo. Kumbali yanga kunabwera amalume anga okha, okalamba, osamva.

"Alamu," anatero Dayisoni, "takusudzulani bwinobwino, palibe mlandu. Tengani masipanala anu, bulangete ndi khasu limodzi. Njira ya ku Naisi mukuidziwa."

"Nanga mgolo uja?"

"Mgolo wong'ung'udza uja? Kodi muli chiyani?"

Apa ndipo ndinalakwa. Ndikanati muli zitsulo zakutha, bwenzi lero ndili nawo. Koma ine pakamwa panga sipadziwa kukhota. Ndinati, "Muli mawu a mlongo wanu."

Dayisoni anayang'ana anthu, n'kumwetulira. "Ndiye mwaweruza nokha, alamu. Mlongo wanga ndi wa mbumba ino. Manda ake ali kuno, mawu ake atsalanso kuno. Munabwera ndi miyendo iwiri, mubwerera ndi miyendo iwiri."

Munthu wolankhula chonchiyu nayenso ndi mkamwini kwa eni ake, kumene sangadule ngakhale nthochi osapempha. Koma tsiku limenelo anali pakwawo, atavala jekete.

Anatuma anthu kuugubuduza mgolowo kufika pakhomo, tcheni zikadali zolumikiza, zimbale zikuzungulira m'kati. Anati katundu wa maliro sagawidwa chotseka, aliyense ayenera kuona ndi maso, ndiwo mwambo. Ndinati, "Alamu, musatsegule panja pano. Imitsani kaye madzi. Onani mankhusu awa!" Iye anati, "Mukubisa chiyani?" Anatenga chikwanje n'kutema phula. Anakweza chivundikiro. Anasuzumira, anaona chimbale chakuda chikung'anima, ndipo monga amachitira munthu ndi galasi loonera nkhope, anauzirapo mpweya wa m'kamwa, haa, n'kukweza mkono wa jekete kuti apukute.

Sanafike n'kupukuta komwe. Mayi wina kumbuyo kwake anaponya mpunga m'mwamba ndi lichero, ndipo khusu limodzi, limodzi lokha, ndinaliona ndi maso anga likutsika pang'onopang'ono, linalowa mu mgolo.

Khutu loyamba linapunthwa n'kugwa pa chimbale, linakoka chipeso, makutu onse anagwa nthawi imodzi, ndipo panamveka kulira kumene sindidzakumvanso, kweee, moti ku Zomba makalaliki anagwetsa zolembera, ku Malosa agalu anabisala m'nkhokwe, amalume anga osamva aja anagwira makutu n'kunena kuti chepetsani, ndipo dzimbiri lonse linapalika n'kutuluka ngati mtambo wofiira, ndi zonse zimene linasunga: mvula ya zaka ziwiri inalira nthawi imodzi popanda dontho logwa, nyimbo zonse za m'buku zinaimbika pamodzi, mayina a akufa anayamba kuitanidwa pabwalo limodzi limodzi, amayi anataya malichero n'kuthawira kumtsinje, Dayisoni jekete lili kumutu akukwawira pansi pa nkhokwe pomwe panali kale agalu. Mtambowo unapita n'kukatera pamsewu, ndipo mukaona fumbi lofiira limene limakudetsani makolala pa Songani, dziwani kuti ndi makasu anga. Mukumva?

Kutachita bata ndinayang'ana mu mgolo. Zimbale zachitsulo zinali mbee, zopanda kanthu. Chimbale chakuda chinali ndi chipsera chimodzi chachikulu chapakati, pomwe pali nyimbo. M'mphepete, pomwe pali Elube, munalibe chipsera, munali bwinobwino. Ndinatambasula dzanja. Dayisoni anafika msanga, anachizula n'kuchipana m'khwapa. Anati, "Ichi n'chathu."

Ndinanyamula masipanala, bulangete ndi khasu. Amalume anali patsogolo, ine pambuyo. Palibe anatiperekeza.

Mgolo ndi chipeso chake Dayisoni anapatsa mzungu wina woyeza misewu, anasinthanitsa ndi chipewa. Zinathera pomwepo mpaka chaka chatha, pamene ndinagula matemba pamsika, mayi wogulitsa n'kundikulungira m'pepala long'ambidwa m'magazini ya Chingerezi. Nditafika pamalo anga n'kufunyulula, ndinaona kuti papepalapo pali chithunzi. Pachithunzi panali zimbale zotungidwa pa mtengo umodzi, china pamwamba pa chinzake, chipeso cholowa pakati, zonse zili m'bokosi lotseka. Panali mphunzitsi wina akudikira kuti ndimumatire chubu, ndinam'patsa kuti andiwerengere. Anati ndi chosungira zinthu cha makina owerengera amene akuti kompyuta, ku Amereka, ndipo kamutu kowerengako sikakhudza chimbale, kamayandama pa mphepo, ndiponso amatsekera m'bokosi chifukwa choopa fumbi.

Ndinati, "Aphunzitsi, tayang'anani bwino. Dzina loti Yotamu lilipo?"

Anatembenuza pepalalo, mafuta a nsomba ali m'zala, anati, "Palibe, bambo. Kuseri kuno kuli za sopo." Ndinam'fotokozera zonse. Anaseka mpaka anakhala pansi. Chubu chake ndinamata bwinobwino, chifukwa ine ntchito sindiipsira mtima.

A ku Amerekawo asunge. Sindikufuna dzina langa pa bokosi lawo, sindikufuna chipewa. Mwezi wathawu ndinatseka bokosi la masipanala n'kuyenda wapansi kupita kumudzi kumene Dayisoni anakwatira. Ndinam'peza pakhonde akusenda chinangwa, wakalamba nayenso, mano atha. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinachiona chimbale chakuda chija. Anachikoloweka pa msomali kukhoma, pambali pa kalendala, ngati chokongoletsa. Galamafoni alibe, sanakhalepo nayo. Dzuwa la pazenera limafika pomwepo, ndipo chayamba kupindika mbali imodzi.

Ndinati, "Alamu, sindinabwerere ndewu. Ndibwerekeni tsiku limodzi. Ndiliza kamodzi, ndi munga wofewa, ndibweza."

Anati, "Kamodzi n'kudya komwe. Si munanena ndinu?"

"Ndiye chichotseni padzuwapo."

"Nyumba ino si yanu, alamu. Chinangwa ichi, tengani."

Sindinatenge.

Tsono poti ndafika kumapeto kwa kope, ndinene izi. Za nyumba kunyamuka kufika m'bondo, mwina inafika m'kakolo. Ntchentche ya ku Liwonde sindinaione ine. Anthu atatu amene ndinawalola kuika khutu pa lipenga masiku amenewo anati ankangomva mphepo, fuuu, ndipo mmodzi anandigwira paphewa n'kunena kuti ndizipita kutchalitchi. Anene zimenezo, makutu ndi awo. Ine ndinamva.

Koma chimene sindinauzepo munthu ndi ichi. Masiku ano ndikakhala ndekha n'kuyesa kumukumbuka akufunsa funso lija, mawuwo amabwera, koma liwu limene limawanena si lake. Limabwera la mayi wogulitsa nthochi pafupi ndi pomwe ndimakonzera njinga. Ndimayesa kulikankha, limabweranso lomwelo. Nkhope ndikuikumbuka, kayendedwe ndikukumbuka, liwu lapita. Latsala malo amodzi okha padziko lonse, m'mphepete mwa chimbale chimene chikupindika pa msomali.

Chimbalecho anandipatsa ine, m'manja. Dayisoni Namaona sanandibwezere.